ZIMBABWE: Akathyali amakolola m'mipingo m'nyengo ya Khirisimasi

MUTARE, Zimbabwe — Kuyambira kumapeto kwa Novembala kufikira sabata yoyamba ya Januwale, ndalama zimayenda mochuluka mumzinda wa Mutare kuposa nthawi ina iliyonse pachaka. Ogwira ntchito m'boma amalandira bonasi, magulu osonkherana ndalama amagawana zimene akhala akusunga kuyambira Januwale, ndipo ana ndi achibale amene ali ku South Africa, ku United Kingdom ndi maiko ena amatumiza thandizo la chikondwerero. Gawo lina la ndalamazi limadutsa m'manja mwa mipingo ndi mizikiti, monga zopereka zothokoza, ndalama zogulira mphatso za ana amasiye ndi okalamba, komanso zosonkha za misonkhano yotsekera chaka. Akathyali amaidziwa bwino kalendala imeneyi, ndipo amaikonzekera monga momwe mlimi amakonzekerera mvula yoyamba.

Mzinda wa Mutare, womwe ndi likulu la chigawo cha Manicaland ndipo uli ndi anthu oposa 220,000 malinga ndi kalembera wa 2022, uli pamalire a Zimbabwe ndi Mozambique. Wochokera ku Harare amalowa mumzindawu potsetsereka pa Christmas Pass, dzina limene lidabwera chifukwa atsamunda ena adagona m'tsinde mwa phirilo tsiku la Khirisimasi mu 1890. Chakum'mawa kuli chipata cha Forbes, pamsewu wopita kudoko la Beira. M'makomboni a Sakubva, Dangamvura ndi Chikanga, kumigodi ya ku Penhalonga ndi m'minda ya tiyi ya ku Honde Valley muli mabanja ambiri amene makolo awo adachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kudzagwira ntchito m'nthawi ya atsamunda. Kwa anthu otere, amene adalibe mudzi wapafupi wothawirako pa mavuto, tchalitchi, mzikiti ndi bungwe lothandizana pamaliro ndizo zidalowa m'malo mwa mudzi ndi eni mbumba. Sinodi ya Harare ya mpingo wa CCAP, yomwe idakhazikitsidwa mu 1965, idaphuka kuchokera m'mapemphero a anthu a ku Malawi amene ankagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'matauni a dzikoli.

Kukhulupirirana kumene kudamanga magulu amenewa ndiko chuma chawo chachikulu. Ndiko komwenso mbava yochenjera imafuna kubwereka.

Wakuba amalowera pa munthu wolemekezeka

Bungwe loyang'anira misika ya masheya ku United States limatcha chinyengo chamtunduwu kuti affinity fraud, kutanthauza kubera anthu podzera m'chinthu chimene chimawagwirizanitsa, monga chipembedzo, mtundu kapena chilankhulo. Kayendetsedwe kake n'kosavuta. Kathyali sataya nthawi kunyengerera anthu zana mmodzimmodzi. Amasankha munthu mmodzi wolemekezeka, kaya mkulu wa mpingo, mtsogoleri wa kwaya kapena wapampando wa chigwirizano cha amayi, n'kumulipira phindu lake msanga ndiponso mokwanira. Munthuyo akaimirira pamaso pa anzake kuchitira umboni kuti ndalama zake zabereka, sakhala akunama, chifukwa adalandiradi. Chimene sadziwa n'chakuti ndalama zimene adalandirazo zidachokera m'thumba la mnzake amene adalowa pambuyo pake.

Anthu a ku Zimbabwe adaziona izi mu 2016 ndi gulu la MMM, limene lidayambitsidwa ndi Sergei Mavrodi wa ku Russia, munthu amene adali atakhalapo kale m'ndende kwawo chifukwa cha chinyengo. Gululi linkalonjeza phindu la 30 peresenti pamwezi, ndipo silinkadzitcha banki kapena kampani. Linkati ndi gulu la anthu othandizana, ndipo kuika ndalama linkakutcha kupereka thandizo, mawu amene munthu wopemphera amawamva ngati a kwawo. Banki yaikulu ya Reserve Bank of Zimbabwe idachenjeza anthu, koma ambiri adapitirira, mpaka malipiro adaima chaka chomwecho. Ku Nigeria, MMM idatseka maakaunti a mamembala ake pakati pa Disembala 2016, patangotsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ifike. Bungwe loteteza ndalama za osunga m'mabanki m'dzikolo lidati anthu pafupifupi 3 miliyoni adataya ndalama zokwana 18 biliyoni naira.

Si mwangozi kuti magulu otere amakonda kugwa mu Disembala. Mwezi umenewu anthu ambiri amafuna kutapa ndalama zawo nthawi imodzi kuti agulire ana zovala ndi kusungira fizi ya Januwale, ndipo gulu limene limalipira akale ndi ndalama za atsopano silingapirire zimenezo. Kampani ya Mirror Trading International ya ku South Africa, yomwe inkati ikuchulukitsa bitcoin, idagwa mu Disembala 2020 mwini wake atathawira ku Brazil. Bernard Madoff wa ku New York adamangidwa pa 11 Disembala 2008, ndipo ambiri mwa amene adawabera adali Ayuda anzake ndi mabungwe awo achifundo, kuphatikizapo la Elie Wiesel, limene lidataya madola 15.2 miliyoni. Ku Zimbabwe komweko, gulu la E-Creator, limene linkalandira ndalama za anthu kudzera pafoni, lidagwa mu Julayi 2023 ndipo apolisi adamanga ena mwa oliyendetsa. Maina amasintha chaka ndi chaka, koma kaphikidwe n'kamodzi.

Masamu ake aliyense angawawerengere kuseri kwa envulopu ya chopereka. Madola 100 obereka 30 peresenti mwezi uliwonse amakhala madola oposa 2,300 pakutha pa miyezi 12. Palibe munda wa fodya, golosale kapena mgodi wa golide ku Penhalonga umene umabereka chotero. Ndipo ngati membala aliyense ayenera kukopa anthu asanu, pofika pamzere wachisanu ndi chitatu pamafunika anthu atsopano 390,625, chiwerengero choposa anthu onse a mu Mutare, makanda omwe. Ku Zimbabwe, aliyense wolandira ndalama za anthu kuti azisunge ayenera kukhala ndi chilolezo cha Reserve Bank, ndipo wochita malonda a masheya ndi kuyendetsa chuma cha ena ayenera kulembetsedwa ku Securities and Exchange Commission of Zimbabwe. Chikalata chosonyeza kuti kampani idalembetsedwa dzina lake, chimene akathyali amakonda kuchionetsa m'fulemu, si chilolezo chosungira ndalama za anthu.

Chimene mpingo ungachite pano n'chodziwika, ngakhale kuti n'chovuta kwa atsogoleri ena: guwa ndi nthawi ya zolengeza zisabwerekedwe kwa aliyense wotsatsa njira yochulukitsira ndalama, ngakhale atalonjeza kupereka chakhumi cha phindu lake kapena kufolera tchalitchi.

Uthenga wa abusa umene abusa sadalembe

Chinyengo chimene chafala kwambiri m'zaka zaposachedwa sichifuna n'komwe kuti wakubayo aponde pakhomo la tchalitchi. Mipingo yambiri, mizikiti, miphakati ndi magulu a amayi, monga Rukwadzano Rwe Wadzimai la mpingo wa United Methodist limene lili ndi mizu yozama ku Manicaland, amayendetsa nkhani zawo pa WhatsApp. M'gulu limodzi mumakhala manambala a anthu mazana, maina a atsogoleri, ndi mbiri ya amene akudwala kapena aferedwa.

Kawirikawiri zimayamba ndi foni yochokera kwa munthu waulemu, wodziwa kupereka moni wachikhristu, amene amati akukonza mapemphero a pa intaneti otsekera chaka ndipo watumiza nambala yolowera. Panthawi yomweyo pafoni pamafika uthenga wa manambala asanu ndi limodzi, ndipo woimbayo amapempha kuti amuwerengere. Manambala amenewo si a mapemphero. Ndi amene WhatsApp imatumiza munthu akafuna kusamutsira akaunti pafoni ina, ndipo wowatchula wapereka makiyi a nyumba yake. M'mphindi zochepa, wakubayo amayamba kulembera mamembala m'dzina la abusa kapena la amayi busa, ndi chithunzi chawo chenicheni pamwamba, kunena kuti pali wodwala amene akufunika opaleshoni mwamsanga, kuti iwo ali pamsonkhano moti sangayankhe foni, ndipo kuti ndalama zitumizidwe panambala ina chifukwa yawo ili ndi vuto. Bungwe loteteza ogula la Federal Trade Commission ku United States lidachenjeza za chinyengo chofanana ndi chimenechi mu 2019, pamene akathyali ankadzitcha abusa, ansembe, arabi ndi maimamu n'kumapempha makadi ogulira mphatso. Kuno makadiwo sadziwika kwenikweni, ndiye pempho limakhala la EcoCash, InnBucks kapena OneMoney ku Zimbabwe, Airtel Money ndi Mpamba ku Malawi, M-Pesa ndi e-Mola ku Mozambique.

Zizindikiro zitatu zimapezeka pafupifupi mu uthenga uliwonse wotere: changu, chinsinsi ndi nambala yachilendo. Mankhwala ake ndi kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Wolandira uthengawo aimbe foni yeniyeni panambala imene adaisunga kale, osati kuyankha pa WhatsApp pomwepo, ndipo ngati siikuyankhidwa afunse mlembi wa mpingo kapena wa m'banja la abusawo. Popeza masiku ano pali mapulogalamu a kompyuta otha kutsanzira mawu a munthu pogwiritsa ntchito ulaliki umene udaikidwa pa Facebook kapena YouTube, uthenga wa mawu ojambulidwa nawonso sulinso umboni wokwanira. Funso limene mwini wake yekha angayankhe, monga nyimbo imene idatsekera mapemphero a Lamulungu lapitalo, limamugwetsa wonyengayo.

WhatsApp ili ndi njira yoikira nambala yachinsinsi yachiwiri, ndipo mtsogoleri aliyense woyang'anira gulu la mpingo ayenera kuitsegula. Amene walandidwa kale akaunti angaibweze polembetsanso nambala yake, zomwe zimamutulutsa wakubayo, ngakhale kuti ngati wakubayo adaika nambala yachinsinsi yakeyake pamafunika kudikira masiku asanu ndi awiri. M'masiku amenewo mpingo wonse uyenera kuuzidwa pakamwa, paguwa.

Mauthenga a pafoni onena kuti ndalama ija itumizidwe panambala iyi ndi odziwika m'maiko onse a m'chigawo chino, aliyense m'chilankhulo chake. Amatumizidwa kwa anthu zikwizikwi mwachisawawa, poyembekezera kuti mmodzi mwa iwo adagwirizanadi ndi wina zotumiza ndalama tsiku limenelo, ndipo mu Disembala anthu otere amachuluka. Ku Malawi, bungwe la MACRA lidati mu 2023 anthu ankataya ndalama pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera m'chinyengo cha pafoni, ndipo ena mwa mauthengawo adapezeka kuti ankachokera kwa akaidi a m'ndende ya Zomba. Asungichuma amene amagulitsa zinthu pa malonda a mpingo akumbukirenso kuti uthenga wosonyeza kuti ndalama zalowa ungathe kupekedwa. Umboni ndi ndalama zimene zikuoneka mu akaunti mwenimwenimo.

Mukando, ndi chifukwa chake ndalama zimagona m'nyumba

Chipereganyu, chimene a Shona amachitcha mukando ndipo ku South Africa amati stokvel, ndi nsanamira ya mabanja ambiri mu Mutare, ndipo magulu ochuluka amabadwira m'mipingo. Ena amasonkha chaka chonse kuti mu Disembala agule mpunga, shuga, mafuta ophikira ndi sopo zogawana. Choncho sabata zoyambirira za mweziwu, mayi mmodzi angakhale akusunga m'nyumba mwake thukuta la anthu makumi atatu. Nkhani za msungichuma amene wazimiririka, kapena amene wanena kuti achifwamba amulanda zonse kutatsala tsiku limodzi kuti agawane, zimamveka pafupifupi chaka chilichonse m'dzikoli. Zina mwa nkhanizi zimakhala zoona, chifukwa achifwamba nawo amadziwa tsiku logawana, makamaka likalengezedwa pagulu la WhatsApp.

Apolisi a Zimbabwe Republic Police amalangiza anthu nyengo iliyonse ya zikondwerero kuti asasunge ndalama zambiri m'nyumba, m'masukulu kapena m'matchalitchi. Langizoli n'labwino, koma mlendo ayenera kumvetsa chifukwa chake anthu salitsatira msanga. Anthu amene ali ndi zaka makumi anayi adaona ndalama zawo za kubanki zikusanduka mapepala achabe mu 2008. Mu 2019 ndalama zimene ankaziyesa madola a ku America zidasandutsidwa ndalama ya m'dzikolo n'kutha mphamvu. Ndalama yatsopano ya ZiG idayamba mu Epulo 2024, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho idachepetsedwa mphamvu ndi gawo loposa 40 peresenti tsiku limodzi. Munthu amene adalumidwa katatu chotero sangadzudzulidwe akamakhulupirira chitini cha pansi pa bedi kuposa banki.

Komabe pali njira zapakati. Mabanki a m'dzikoli amatsegula maakaunti osunga madola a ku America, ndipo gulu lingaike lamulo loti ndalama zituluke pokhapokha anthu awiri kapena atatu a mabanja osiyana atasayina. Magulu ena amagula katundu wosaonongeka mwezi ndi mwezi, kapena amalipiriratu kusitolo yaikulu yodziwika n'kusunga malisiti, kuti pasakhale tsiku limene ndalama zonse zili pamalo amodzi. Chofunika kwambiri, ndipo ndi chimene chimazembedwa kwambiri, ndi kuwerenga ndalama pamaso pa mamembala mwezi uliwonse. Msungichuma amene wabwereka m'bokosi mu Meyi ali ndi chiyembekezo chobweza amagwidwa mu Juni ngongole ikadali yaing'ono. Akasiyidwa mpaka Disembala, bodza la achifwamba limakhala khomo lokhalo lotsala.

Ena amaona ngati kufunsa malisiti kwa mkulu wa mpingo n'kumunyoza. Koma mwambo woti chopereka chiziyenda ndi mboni ndi wakale ngati mpingo womwe. M'kalata yachiwiri yopita kwa Akorinto, mutu 8, Paulo akufotokoza kuti ndalama zothandizira osauka a ku Yerusalemu zidaperekezedwa ndi munthu wosankhidwa ndi mipingo, pofuna kuti pasapezeke womunenera zoipa. Kuwerengera limodzi kumateteza msungichuma wokhulupirika kuposa wina aliyense.

Wachifundo wa kutsidya kwa nyanja

Mabungwe achipembedzo amene amasamala ana amasiye kapena kuyendetsa zipatala ali ndi msampha wawowawo. Kalata ya pa intaneti imafika kuchokera kwa mayi wamasiye wodwala kwambiri amene akufuna kusiyira mpingo chuma chake, kapena kuchokera ku bungwe la ku Ulaya limene lati latumiza kontena ya mabulangete, njinga za olumala ndi mabuku kuti zifike Khirisimasi isanakwane. Ku Mutare nkhani yotere imamveka yoona, chifukwa doko la Beira lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 300 okha, ndipo magalimoto onyamula makontena amaoneka tsiku lililonse akudikira pachipata cha Forbes. Kenaka pamabwera foni ya munthu wodzitcha wothandiza kuombola katundu, kunena kuti pakufunika madola mazana angapo a msonkho lero lomwe, apo ayi katunduyo agulitsidwa. Akalipira, pamatuluka chindapusa china, kenaka chinanso. Msonkho wa katundu wolowa m'dzikoli umaperekedwa ku bungwe la ZIMRA ndipo umakhala ndi zikalata zake, sutumizidwa kufoni ya munthu. Kontena yeniyeni imakhala ndi nambala yake imene kampani ya sitima ingaitsimikize.

Asaganize wina kuti zotere zimagwera mipingo yaing'ono yokha. Ku United States, bungwe la Foundation for New Era Philanthropy la John Bennett linkauza makoleji achikhristu, mipingo ndi mabungwe achifundo kuti akasungitsa ndalama kwa miyezi isanu ndi umodzi, anthu ena olemera osafuna kutchulidwa maina adzawonjezerapo ndalama zofanana nazo. Mabungwe akuluakulu, okhala ndi maloya ndi akatswiri a zachuma, adaika ndalama zawo chifukwa anzawo adali ataika kale. Amene adaumirira kufunsa mafunso adali Albert Meyer, mphunzitsi wa zowerengera ndalama pakoleji yaing'ono ya Spring Arbor ku Michigan, ndipo akuluakulu ake sadakondwere naye poyamba. Bungwelo litagwa mu 1995, zidadziwika kuti anthu olemera aja kudalibe n'komwe.

Mbali ina ya nkhani yomweyi ndi anthu oyenda ndi mapepala a msonkhamsonkha m'dzina la mpingo kapena la nyumba ya ana amasiye. Anthu a ku Manicaland adaonetsa mtima wopatsa pamene namondwe wa Idai adasakaza Chimanimani ndi Chipinge mu Malichi 2019, monganso a ku Malawi pa namondwe wa Freddy mu 2023, ndipo mtima umenewo ndi umene wonyenga amadalira. Chidindo ndi kalata ya mutu wa mpingo zimapangidwa mosavuta pakompyuta iliyonse. Mpingo umene ukusonkhetsa ndalama ungathandize anthu polengeza paguwa maina a otumidwa ake ndi nambala imodzi yokha yolandirira ndalama, ndi kunenetsa kuti nambalayo siisintha kudzera mu uthenga wa pafoni.

Malo a Fomu 1, maulendo opatulika ndi ntchito za kunja

Pali chinyengo china chimene chimakhudza Manicaland mwapadera. Chigawochi chili ndi sukulu zogonera komweko za mishoni zotchuka m'dziko lonse, monga St Augustine's ku Penhalonga, Hartzell ku Old Mutare, St Faith's kufupi ndi Rusape, St David's Bonda ndi Marist Brothers ku Nyanga. Zotsatira za mayeso a Giredi 7 zimatuluka kumapeto kwa chaka, malo ndi ochepa, ndipo makolo amakhala ndi nkhawa. Apa m'pamene pamatulukira anthu onena kuti amadziwana ndi ansembe, abusa kapena ahedi, ndipo angapeze malo ngati kholo litapereka kangachepe. Mayina a sukuluzi amangobwerekedwa, eni ake osadziwa. Malo a Fomu 1 m'sukulu zogonera komweko amafunsiridwa kudzera panjira ya pa intaneti ya unduna wa zamaphunziro yotchedwa eMAP, ndipo fizi imalipiridwa ku akaunti ya sukulu, kholo n'kulandira lisiti. Kholo limene lapereka ndalama kwa mkhalapakati limazindikira mu Januwale, mwana atavala kale yunifolomu ndi kunyamula thiranki, kuti dzina lake palibe.

Nyengo ya zikondwerero si Disembala yekha. Asilamu, omwe ambiri mwa iwo ku Zimbabwe ndi zidzukulu za Ayao ochokera ku Malawi, amapereka zambiri m'mwezi wa Ramadan ndi pa Eid. A mpingo wa Johane Marange amasonkhana mwaunyinji ku Mafararikwa m'boma la Mutare mwezi wa Julayi, ndipo mipingo ina imakhala ndi misonkhano yaikulu pa Pasaka. Paliponse pamene pali ulendo wa gulu pamapezeka wosonkhetsa ndalama za basi imene siidzabwera. Pa maulendo akutali, zotsatira zake zimaposa kutaya ndalama. Pa Hajj ya 2024, boma la Saudi Arabia lidati anthu 1,301 adamwalira m'nyengo yotentha kwambiri, ndipo 83 peresenti ya iwo adalibe zilolezo zovomerezeka za Hajj, moti adayenda mitunda italiitali padzuwa popanda pothawira. Dziko la Egypt lidalanda ziphaso makampani 16 okonza maulendo chifukwa cha nkhaniyi. Gulu lililonse lokonza ulendo wa ku Makka kapena ku Israel liyenera kuona chiphaso cha kampaniyo ndi kutsimikiza matikiti kukampani ya ndege lisanamalize kulipira.

Disembala ndi mwezinso umene a kunja amabwera kudzacheza, atavala bwino, ndipo achinyamata a mumpingo amawayang'ana ndi maso a njala. Malinga ndi Reserve Bank, ndalama zotumizidwa ndi anthu a ku Zimbabwe okhala kunja zidaposa madola 2 biliyoni mu 2024, choncho chilakolako chopita kunja n'chomveka. Dziko la United Kingdom litatsegula mwayi wa ntchito zosamalira okalamba mu Febuluwale 2022, anthu ambiri a ku Zimbabwe adalipira madola zikwizikwi kwa amkhalapakati pofuna zikalata za olemba ntchito, ndipo ena adalandira zikalata zabodza kapena adakapeza kuti ntchitoyo kulibe. Njira imeneyi idatsekedwa kwa ofunsira ali kunja mu Julayi 2025. Aliyense amene akugulitsabe malo otere pabwalo la tchalitchi akugulitsa mphepo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chifukwa chake nkhanizi zimathera pansi pa mphasa

Chimene chimapatsa mphamvu akathyali a m'mipingo ndi chete wa oberedwa. Munthu amachita manyazi kuti adapusitsidwa. Amaopanso kuti akapita kupolisi aika m'mavuto mkulu wa mpingo amene adamukopa mosadziwa, kapena aipitsa dzina la mpingo pamaso pa akunja. Ena amakumbutsidwa za mutu 6 wa kalata yoyamba yopita kwa Akorinto, umene umadzudzula okhulupirira otengerana kumakhoti, ndipo wakubayo ndiye amakhala woyamba kuutchula. Akakhala kuti ndi munthu wamkulu mumpingomo zimavutirapo, paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Nkhani imakambidwa m'bwalo la akulu, wolakwa amalonjeza kubweza pang'onopang'ono, kenaka amasamukira kumpingo wina ku Dangamvura kapena ku Chimoio, kumene palibe amene adachenjezedwa.

Kukhululuka ndi nkhani ya mtima wa woberedwa, ndipo mpingo uli ndi ufulu woiphunzitsa. Koma chinyengo ndi mlandu pansi pa gawo 136 la lamulo la milandu la Criminal Law (Codification and Reform) Act, ndipo bwalo la akulu a mpingo lilibe mphamvu yotseka akaunti ya wakuba kapena kufufuza mwini nambala ya foni. Mphamvu imeneyo ili ndi apolisi, makamaka nthambi ya CID yoona milandu ya zamalonda, mothandizana ndi makampani a mafoni ndi mabanki. Nthawi ndiyo imalamula. Ndalama zotumizidwa pafoni zimatapidwa kapena kusamutsidwa m'mphindi zochepa, choncho woberedwa ayenera kuimbira kampani yake ya foni kapena banki nthawi yomweyo, asanapite n'komwe kupolisi, ndipo asafufute mauthenga, manambala ndi malisiti, chifukwa ndiwo umboni. Ku Malawi madandaulo otere amapita kupolisi ndi ku MACRA, ku Zambia ku ZICTA, ku Mozambique ku INCM, pamene ku Zimbabwe woyang'anira makampani a mafoni ndi POTRAZ.

Oberedwa ayembekezerenso kugogoda kwachiwiri. M'sabata zotsatira, nthawi zambiri mu Januwale pamene fizi ikufunika ndipo m'nyumba mwauma, pamabwera foni ya munthu wodzitcha wapolisi, loya kapena katswiri wa kompyuta, wonena kuti ndalama zija zapezeka ndipo zibwezedwa ngati mwini wake atalipira kandalama kotsegulira fayilo. Woimbayo amadziwa dzina la woberedwa ndi kuchuluka kwa ndalama zimene adataya, chifukwa kawirikawiri amakhala wa gulu lomwe lija, kapena adagula mndandanda wa maina kwa iwo. Apolisi salipiritsa munthu kuti amubwezere katundu wake wobedwa, ndipo wapolisi weniweni amaitanira munthu kusiteshoni, kumene nkhaniyo ili ndi nambala yake m'kaundula.